Bandcamp: kumene ndinakagula nyimbo za mchimwene wathu wa m'bandi

Ndimaimba kiyibodi m'bandi ya anthu asanu kuno ku Manchester. Atatu ndife Amalawi, asisi amene amaimba patsogolo ndi a ku Chipata, ndipo woimba besi anabadwira ku Bulawayo, kumene agogo ake ochokera ku Dedza anapita kukagwira ntchito kalekale. Timaimba m'maukwati, m'zinkhoswe, pa chikondwerero cha 6 July, ndiponso pamene anthu akusonkha ndalama zoti thupi la mnzathu likaikidwe kumudzi. Lamlungu masana timakumana mu holo ya tchalitchi china n'kumayeserera mpaka mwini makiyi atabwera. Tatha zaka zisanu ndi chimodzi tili limodzi. Ndikulemba za Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsirapo nyimbo, chifukwa ndi pamenepo pamene mnyamata wathu wa gitala anaika chimbale chake cha yekha, ndipo mmene tsambalo analikonzera zinandionetsa chinthu chimene ndinkachizemba.

Chimbalecho chili ndi nyimbo zisanu ndi imodzi. Anajambulira m'chipinda chake chogona, usiku akaweruka kuntchito, kwa miyezi pafupifupi khumi. Tsiku limene anachitulutsa anaponya linki m'gulu lathu la WhatsApp ndi mawu ochepa chabe akuti, "Abale anga, kanthu kanga katuluka, mukapeza mpata mumvereko." Sipanathe mphindi khumi tonse tinali titayankha. Wina anatumiza kachithunzi ka moto, wina manja owomba, ine ndinalemba kuti "Zikomo Ambuye, tanyadira achimwene." Linkiyo sindinaitsegule. Ndinali pa shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, ndipo ndinati ndimvera mawa. Mawalo linakhala masabata atatu.

Lamlungu lachitatu tikulumikiza zingwe mu holo, iye anakhala pa sipika yake n'kuyamba kuliza kanyimbo pang'onopang'ono, zala zikuyenda pa zingwe ziwiri zam'munsi mokhala ngati bangwe. Anakabwereza katatu. Asisi anatembenuka n'kufunsa kuti, "Iyi ndiye ya ndani? Yokoma bwanji." Mnyamata uja anakweza mutu, anatiyang'ana mmodzimmodzi, kenako anati, "Ndi yoyamba pa chimbale chija, asisi." Sanakwiye, sanawonjezerepo liwu. Anawerama n'kuyamba kukonza chingwe chimene chinali chokonzeka kale. Mu holo munangoti zii, kumangomveka kulira kwa firiji ya kukhitchini ya tchalitchi. Tonse anayi tinali titamuyamikira, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anamvako masekondi makumi atatu oyambirira.

Usiku womwewo, ndili mu tramu popita kuntchito, ndinavala mahedifoni n'kutsegula linki ija. Choyamba chimene ndinakonda n'choti tsambalo silinandifunse kalikonse. Silinandiuze kuti ndilembetse kaye, panalibe malonda odula nyimbo pakati. Panali chithunzi cha chimbale, chimene ndi khonde la nyumba ya kwawo ku Ntcheu, mndandanda wa nyimbo, ndi batani loliza. Munthu ukhoza kumvera nyimbo yonse yathunthu usanalipire. Woimbayo ndiye amasankha kuti munthu amvere kangati ulele tsambalo lisanamukumbutse zogula, ndipo iye anasiya pa katatu. Pansi pa chithunzi panali mtengo: mapaundi 5 kapena kuposerapo. Mawu akuti kuposerapo amenewa ndi amene amasiyanitsa Bandcamp ndi masitolo ena. Umalemba wekha ndalama imene ukufuna kupereka, bola isachepere imene mwini wake waika, ndipo ena amaika ziro kuti aliyense apereke zimene angathe. Ine ndinalemba 10. Anawonjezerapo msonkho wa VAT, ndinalipira ndi khadi la kubanki, ndipo tramu isanafike pamene ndimatsikira imelo yokhala ndi linki yokopera nyimbozo inali italowa kale.

Za ndalama ndinazifufuza bwino chifukwa ndinkafuna kudziwa kuti mwa mapaundi anga 10 aja, angati akafike m'thumba mwake. Pa nyimbo zokopera, Bandcamp imatengapo 15 pa 100 iliyonse, ndipo woimba akagulitsa zopitirira madola 5,000 imatsitsa kufika pa 10. Pa zinthu zogwirika ngati ma CD, makaseti ndi malaya imatenga 10. Palinso kandalama kamene amadula a makhadi kapena a PayPal. Ndiye pa 10 yanga, paundi imodzi ndi theka inatsala kwa eni tsamba, kena kochepa kwa odutsitsa ndalama, yotsalayo, pafupifupi mapaundi 8, inali yake, ndipo anailandira patangopita masiku awiri. Pali masiku enanso amene amawatcha Bandcamp Friday, pamene eni tsamba satengapo gawo lawo. Anayamba pa 20 March 2020, mliri wa Covid-19 utatseka malo onse oimbira, ndipo tsiku loyambalo anthu anagula nyimbo za madola 4.3 miliyoni. Masiku amenewa amawalengeza pasadakhale, ndipo amawerengera nthawi ya ku California, choncho kuno ku Britain amayamba 8 koloko m'mawa Lachisanu. Amene sali pachangu angachite bwino kudikira tsiku lotere. Ine usiku umenewo sindikanatha kudikira.

Koma chimene chinandigwira mtima si ndalama. Pansi pa chithunzi cha chimbale pali malo olembedwa kuti "supported by", ndipo pamenepo pamaoneka tizithunzi ta anthu amene agula ali ndi akaunti, timabokosi ting'onoting'ono tondondozana. Wogula akhoza kulembapo mawu pang'ono ndi kutchula nyimbo imene waikonda kwambiri. Pa chimbale cha mnyamata wathu panali nkhope zisanu ndi ziwiri. Ndinaziyang'ana imodziimodzi. Panali mzungu wina wachikulire wa zipewa zoluka amene sindimudziwa, panali mtsikana amene analemba m'Chijeremani, panali mnzake wa kuntchito amene ndinakumana naye kamodzi pa ukwati. Mzungu uja analemba kuti sakumva Chichewa koma nyimbo yachitatu waimvera kasanu motsatizana. Ife amene timamva liwu lililonse, amene timadya naye nsima m'mbale imodzi Lamlungu lililonse, amene tinamuperekeza ku bwalo la ndege atamwalira bambo ake aang'ono, panalibe nkhope yathu ngakhale imodzi. Ndipo ndinadziwa kuti iye amatsegula tsamba limeneli tsiku ndi tsiku, monga mmene munthu amayendera dimba limene wangofesa kumene. Pa WhatsApp ukhoza kubisala kuseri kwa kachithunzi ka moto. Apa palibe pobisala. Ena anganene kuti n'kuika anthu pa mpanipani, ine ndikuona kuti n'chilungamo, ndipo n'chifukwa chake tsambali ndikulipatsa ulemu.

Ndinamvera chimbale chonse kawiri usiku umenewo, kachiwiri ndili m'chipinda cha antchito cha m'ma 3 koloko, agogo onse atagona. Bandcamp imapatsa woimba malo olembapo mawu a nyimbo iliyonse, ndi malo ena pansi olembapo amene anagwira ntchito yanji. Mnyamatayu anadzaza zonse. Ndikuwerenga mawu a nyimbo yachitatu m'pamene ndinazindikira kuti akuimba za maliro a mayi ake, amene sanakaike nawo chifukwa mapepala ake anali asanatuluke, ndipo anaonera mwambo wonse pa foni ya mlongo wake, netiweki ikuduka-duka. Nkhaniyi tinkaidziwa, tinapita kukamupepesa, tinasonkha. Koma zoti ankamva nyimbo za amayi a chigwirizano zikudukira pakati n'kumaziimba yekha kuti amalize mzere, zimenezo sanatiuzepo. Anaziika m'nyimbo, n'kutipatsa linki. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndikanadikira kuti wina andiuze kuti chimbalecho n'chotani, ndikanangomva kuti "n'chabwino, n'chozizira pang'ono", osadziwa kuti mnzanga wandiuza chinthu cholemera chonchi.

Sindibisa, panali pamene mtima unandiwawa. M'nyimbo ziwiri muli kiyibodi, ndipo pa mndandanda wa oimba analemba kuti anaiimba yekha. Ndinadzifunsa kuti bwanji sanandipemphe, pamene ndimakhala mtunda wa mphindi makumi awiri kuchokera kwawo. Ndinamveranso, ndipo ndinamva kuti kiyibodi yakeyo ndi ya manotsi atatu okha ogwira nthawi yaitali, mmene ine sindikanaimbira. Ine ndinakulira m'kwaya, dzanja langa lamanja silikhala chete, ndikanadzaza mipata yonse. Nyimbozo zimafuna mipata imeneyo. Pansi penipeni analemba mawu othokoza, ndipo anatitchula tonse anayi ndi zida zathu, kuti ndife amene tinamuphunzitsa kumvera anzake poimba.

Lamlungu lotsatira ndinafika msanga n'kupeza ankolo athu a ng'oma akumanga zida zawo. Iwo ndi amene anayambitsa bandi, ndipo ndi munthu wosapsatira mawu. Nditawauza kuti ndagula chimbale chija ndipo ndikuona kuti tonse tiyenera kuchimvera, anaika chokungira ng'oma pansi. "Mwana wanga," anatero, "mnyamatayu ndimamumva maola anayi sabata iliyonse. Ndikafika kunyumba ndikufuna kupumitsa makutu. Komanso ine ndaona mabandi ambiri. Munthu akayamba zayekha, mwendo umodzi watuluka kale pakhomo. Ndiye ndizimuombera m'manja akutisiya?" Anawonjezera kuti bandi ndi ntchito, ndipo anthu ogwira ntchito limodzi sakakamizana kugula tomato wa mnzawo.

Mawu awo ndinawasunga masiku angapo, chifukwa muli zoona. Palibe amene angakukakamize kukonda nyimbo. Ankolo amakonda rumba ndi reggae, chimbale cha gitala imodzi ndi mawu otsika si chakudya chawo, ndipo sindikanafuna kuti anamizire. Komanso si aliyense ali ndi mapaundi 5 otsala mwezi ukamatha, makamaka ife amene timatumiza kumudzi. Koma pa zoti woimba zayekha ndiye kuti akuthawa, pamenepo sindinagwirizane nawo, ndipo ndinawakumbutsa za kwathu komwe. Ku Balaka, oimba a Alleluya Band akhala akutulutsa zimbale zawozawo anzawo a m'bandi akuwaimbira zida, ndipo malemu Lucius Banda, amene anachokera m'gulu lomwelo, atakhazikitsa Zembani Band anakweza oimba ambiri amene ankaimba nyimbo zawo kutsogolo kwa bandi yakeyo. Ku Chileka, Anthony Makondetsa ali ndi zimbale zake, koma wakhala akuyenda ndi Black Missionaries zaka zambirimbiri, iwo akumuimbira zida pa siteji. Anthu amene amapita kumadansi a Ma Blacks amadziwa kuti usikuwo umakoma chifukwa cha zonse ziwiri. Kwathu sitinaone chimbale cha mmodzi ngati chitseko chotulukira. Ndipo chimene chimatulutsa munthu m'bandi, mmene ndaonera ine, n'kuzindikira kuti anthu amene amaima nawo pa siteji sakufuna kudziwa zimene zili mumtima mwake akasiya kuimba nyimbo za eni ake za paukwati.

Kumvera kumene ndikunena si kuyamikira. Pa ichi Bandcamp inandithandizanso m'njira imene sindinaiyembekezere. Oimba amaikapo nyimbo zawo zosapanikizidwa, ndipo wogula amasankha mtundu wa fayilo imene akufuna: MP3, FLAC, WAV ndi ina. Ndinakopera FLAC, mtundu umene suchepetsa kamvekedwe ka nyimbo, pa kompyuta n'kumvera pa masipika anga a kunyumba, ndipo pamenepo ndinamva zimene m'tramu sindinazimve. M'nyimbo yachinayi mawu ake amira pansi pa gitala, moti vesi yachiwiri sindikanaimva popanda kuwerenga. M'nyimbo yomaliza akuthamanga, wayamba pang'onopang'ono koma pofika kumapeto liwiro lakwera, vuto lomwe ankolo amamudzudzula nalo pa pulakatisi. Ndinamuimbira foni. Ndinati, "Achimwene, ndamvera kasanu. Yachitatu yandiliza. Koma yachinayi mwadzibisa, mawu anu sakumveka." Anakhala chete kanthawi, kenako anaseka pang'ono, n'kunena kuti, "Achemwali, ndinachita dala, ndinkachita manyazi ndi vesi imeneyo." Tinacheza ola lathunthu. Anandiuza kuti mwa onse amene anamuyamikira, ndine woyamba kumutchulira nyimbo ndi nambala yake. Patapita sabata anakonzanso nyimbo yachinayi ija n'kuika fayilo yatsopano pamalo pa yakale, ndipo ine ndinangokoperanso osalipira kachiwiri, chifukwa ukatsegula akaunti, chimene wagula chimakhala m'menemo.

Tsono kwa abale amene muli kumudzi, ndinene mosabisa kuti tsambali analikonza poganizira anthu okhala ndi makhadi a kubanki otha kugula kunja, kapena PayPal. Ndalama za pafoni zimene tinazolowera kwathu si njira yolipirira pamenepa. Ma FLAC nawonso ndi olemera: chimbale cha mphindi 25 chinapitirira 100 MB, pamene MP3 inali yosakwana theka lake, ndiye amene mukuwerengera bandulo sankhani MP3. Kumvera kokha pa tsamba n'kwaulere, bola intaneti. Njira zimene zinatithandiza ife ndi ziwiri. Pali batani logulira munthu wina ngati mphatso, umangolemba imelo yake. Pa Bandcamp Friday yotsatira ndinagulira mng'ono wanga amene ali ku Zomba. Woimba amathanso kupanga manambala achinsinsi okopera ulele n'kugawira amene akufuna, ndipo mnyamata wathu anatumiza imodzi kwa mlongo wake ku Ntcheu uja anagwira foni pa maliro.

Chinanso choti mudziwe n'choti Bandcamp si malo amene anthu a kwathu amapitako kukafuna nyimbo zatsopano. Ambiri ali pa YouTube, Audiomack, Boomplay ndi Spotify, imene inafika ku Malawi mu 2021, ndipo ochuluka kuposa onsewo amangolandira nyimbo pa WhatsApp kapena kukaikitsa m'memori khadi kumsika. Woimba wofuna kutchuka ku Ndirande asadalire Bandcamp yokha. Koma pa Spotify, kuyambira mu 2024, nyimbo imayenera kumvedwa maulendo 1,000 m'miyezi 12 isanayambe kubweretsa ndalama, ndipo chimbale cha m'chipinda chogona ngati ichi chikhoza kutha chaka chisanafikepo. Pa Bandcamp munthu mmodzi wogula ndi ndalama kale. Zimandikumbutsa ndili mtsikana, bambo akutsika nane basi ku Limbe kukagula kaseti kwa O.G. Issa, ine n'kumawerenga kapepala ka m'kati njira yonse yobwerera kuti ndidziwe amene anaimba besi. Kugula kumeneko kunali ndi nkhope. Ndipo Amalawi alipo kale pa tsambali: nditafufuza ndinapeza zimbale za Madalitso Band, anyamata awiri a babatoni ndi gitala amene anayambira m'misewu ya Lilongwe, zotulutsidwa ndi kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva, ndipo pansi pake pali nkhope zambirimbiri za anthu a m'maiko osiyanasiyana.

Tsambali lakhalapo kuyambira 2008, koma linasintha eni kawiri: Epic Games inaligula mu 2022, n'kuligulitsa kwa Songtradr mu 2023. Pa chifukwa chimenechi ine chilichonse chimene ndagula ndimachikopera pa kompyuta ndi pa fulashi, sindidalira pulogalamu ya pafoni yokha, ngakhale imagwira bwino ntchito ndipo ndi imene ndimamverera popita kuntchito.

Asisi anagula sabata yomwe ija, analemba pansi pa chithunzi chawo m'Chinyanja cha ku Chipata kuti nyimbo yoyamba ija akufuna adzaiimbe naye. Wa besi alibe ndalama pakali pano, mkazi wake wangobereka kumene, koma anamvera katatu konse kaulere ndipo anabwera ndi mafunso a makodi a nyimbo yachisanu atawalemba kuseri kwa lisiti. Ankolo sanagule, ndipo sindinawafunsenso. Lamlungu lapitali, titamaliza nyimbo za ukwati wa mwezi wamawa, kutatsala mphindi khumi kuti mwini makiyi afike, iwo anasiya timitengo tawo n'kutenga maburashi amene sawagwiritsa ntchito kawirikawiri. Anayang'ana mnyamata uja n'kunena kuti, "Iwe, yomaliza ija umathamanga. Tayamba, ndikugwirire liwiro." Iye anayamba, ine ndinaika dzanja lamanja pa bondo, n'kugwira manotsi atatu ndi lamanzere.